Baisikopo Ziwiri m'Mzinda Umodzi: Zithunzithunzi za Fox ndi Anthu a mu Lusaka, 1950 kufikira 1959

Anthu akale a mu Lusaka akamakamba za baisikopo ya masiku a Boma la Angerezi, nkhani zao zimatuluka ziwiri. Amene anakulira ku Woodlands kapena ku Kabulonga, kumene kunali nyumba za Azungu, amakumbukira mipando yofewa, cinsalu cacikulu ndi zithunzithunzi zamawanga zocokera ku America. Amene anakulira ku Kabwata, ku Chilenje kapena ku Matero amakumbukira mabenchi ouma, pfumbi, phokoso, ndi mwamuna mmodzi wa pakavalo amene onse anamucha Jeke. Onsewa anena zoona. Mzinda unali umodzi koma baisikopo zinali ziwiri, ndipo cimene cinazilekanitsa cioneka bwino munthu akatsata nchito ya kampani imodzi ya ku Hollywood, ya 20th Century-Fox, m'zaka khumi za 1950 kufikira 1959.

Kampani ndi mabvuto ace

Hollywood ndi dera lina la mzinda wa Los Angeles, ku California, kumene makampani akulu opanga zithunzithunzi anamanga nyumba zao za nchito. Kampani ya 20th Century-Fox inayamba mu 1935, caka comweco cimene likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Inayamba mwa kuphatikana kwa makampani awiri: ina yakale imene anaiyambitsa William Fox, ndi ina yatsopano ya Joseph Schenck ndi Darryl Zanuck. Zanuck ndiye anali kusankha nkhani, olemba ndi osewera kufikira 1956, ndipo mkulu wa kampani yonse kuyambira 1942 anali Spyros Skouras, munthu wobadwira ku Greece amene anafika ku America ali mnyamata wosauka.

Pofika 1950 kampaniyi inali ndi mabvuto awiri. Loyamba linacokera ku bwalo lalikulu la milandu la America, limene mu 1948 linagamula kuti sikoyenera kampani imodzi kupanga zithunzithunzi, kuzigulitsa, ndi kukhalanso mwini wa nyumba zoonetseramo. Cotero makampani akulu anayenera kulekana ndi nyumba zao za baisikopo za m'dzikomo. Laciwiri linali televizyoni. Cakudza siciyimba ng'oma: kabokosi kameneka kanalowa m'nyumba za anthu a ku America mofulumira, ndipo mabanja amene kale anali kupita ku baisikopo sabata ndi sabata anayamba kukhala pakhomo.

Fox inaganiza zopatsa anthu cinthu cimene kabokosi kaja sikakanatha kupereka, ndico ukulu wa cithunzi. Inagula nzeru ya Mfalansa wina, Henri Chrétien, amene anapanga galasi lofinya cithunzi cotambalala kuti cikwane pa filimu wamba, ndi lina locitambasulanso pa cinsalu. Njira imeneyi anaicha CinemaScope. Cithunzithunzi coyamba kutuluka m'njirayi cinali The Robe, mu September 1953, nkhani ya msilikali wa Ciroma amene anapata copfunda ca Yesu pa maere tsiku la kupacikidwa kwace. Wosewera wamkulu anali Richard Burton. Anthu anakhamukira kukaona, ndipo eni nyumba za baisikopo m'maiko ambiri anayamba kugula zinsalu zotambalala ndi magalasi atsopano.

Zimene Fox inapanga

M'zaka khumi zimenezi kampaniyi inatulutsa zithunzithunzi zoposa 200. Zina zinali zoimba ndi zobvina, monga Gentlemen Prefer Blondes ca 1953, m'mene munali Marilyn Monroe, ndi The King and I ca 1956. Caka comweco ca 1956 Fox inatulutsa Love Me Tender, cithunzithunzi coyamba ca woimba uja Elvis Presley.

Zina zinali za Africa. The Snows of Kilimanjaro ca 1952 cinasimba za wolemba mabuku wa ku America wogona m'hema ndi bala pa mwendo, m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro. White Witch Doctor ca 1953 cinali nkhani ya namwino wa Cizungu ku Congo. Untamed ca 1955, cimene mbali zace zina anazijambula ku South Africa, cinaonetsa ulendo wa ngolo za Mabunu. M'zithunzithunzi zotere Africa anali bwalo lokongola la mikango, njobvu ndi mapiri, ndipo mwini dziko anali wonyamula katundu, wophika, kapena mmodzi wa khamu la mikondo lothamangira ngolo za Azungu.

Koma panalinso zina zisanu zimene zinafunsa mafunso obvuta. No Way Out ca 1950 cinali nkhani ya dokotala wakuda m'cipatala ca boma ku America, amene anayenera kuciza mbala yoyera yodana ndi anthu akuda. Dokotalayo anali Sidney Poitier, mnyamata wongoyamba kumene nchitoyi. Broken Arrow, ca caka comweco, cinali ca makauboi, koma cinatembenuza nkhani: Mzungu, James Stewart, aphunzira cinenero ca anthu a mtundu wa Apache, eni dziko akale a kumeneko, apangana mtendere ndi mfumu yao Cochise, nakwatira mwana wamkazi wa mtunduwo. Viva Zapata! ca 1952 cinaonetsa alimi a ku Mexico olandidwa minda akunyamula mfuti, wowatsogolera ali Marlon Brando. Carmen Jones ca 1954 cinali ndi osewera akuda okhaokha, ndipo Dorothy Dandridge anakhala mkazi wakuda woyamba wa ku America kuikidwa pa mndandanda wa opikisana pa mphotho ya Oscar ya wosewera wamkulu wamkazi. Island in the Sun ca 1957 cinasimba za cilumba colamulidwa ndi Angerezi, mtsogoleri wakuda wa anchito, Harry Belafonte, ndi mkazi woyera amene anamkonda. Ngakhale ku America komweko zina za izi zinautsa mkangano, ndipo mzinda wa Memphis unakana kuti Island in the Sun cionetsedwe.

Njira yofikira ku Lusaka

Zithunzithunzi za ku Hollywood sizinali kufika ku Lusaka molunjika. Cipata cace cinali Johannesburg. Kumeneko munthu wina wocokera ku America, I. W. Schlesinger, anayamba mu 1913 kusonkhanitsa nyumba za masewero ndi za baisikopo, kufikira makampani ace anagwira pafupifupi malonda onse obwereketsa zithunzithunzi kumwera kwa Africa. Schlesinger anamwalira mu 1949, ndipo mu 1956 Fox inagula nyumba za baisikopo ndi malonda amene iye anasiya. Lamulo la bwalo la milandu la America silinafike kutsidya kuno kwa nyanja. Cimene Fox inaletsedwa kwao inaticita ku Africa. Kuyambira caka cimeneco kampani ya ku California inakhala pa gwero la mtsinje umene unali kuthirira baisikopo za ku South Africa ndi ku maiko a Rhodesia.

Mipukutu ya filimu, yotsekeredwa m'zitini zace, inali kukwera kumpoto motsata njanji, kudzera ku Bulawayo ndi pa ulalo wa Victoria Falls. Ikafika ku Northern Rhodesia njira inali kugawika pawiri. Zatsopano zinali kupita ku nyumba za baisikopo za m'tauni, kufupi ndi Cairo Road, kumene kawirikawiri Mwafrika sanali kugulitsidwa tikiti. Kucokera ku nyumba zozungulira zaudzu za ku Kabwata kufika pa Cairo Road ndi ulendo wa miyendo wosakwana ola limodzi, ndipo munthu wa ku Kabwata anatha kuima pa khomo, kuwerenga cipepala ca pakhoma colengeza cithunzithunzi ca sabata limenelo, kapena kusesa m'katimo m'mawa. Koma kukhala pa mpando madzulo, iai.

Njira yaciwiri inali ya Aafrika, ndipo inali ndi mlonda wace. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 Boma linaika kabungwe koyesa zithunzithunzi zoonetsa anthu akuda. Kabungwe kameneka kanali ndi mndandanda wa zinthu zoletsedwa: akazi obvala mosakwanira, ngakhale zobvala zosambira, kukumbatirana kwa nthawi yaitali, akazi omenyana, kuledzera, umbava umene woonera angathe kutengera, anthu obvala zophimba nkhope, zipolowe ndi kuukira boma, ndiponso Mzungu wogwidwa ndi kumangidwa ndi eni dziko, ngakhale eni dzikowo akhale a ku America. Cithunzithunzi cokhala ndi zotere cinali kukanidwa conse, kapena kudulidwa ndi sizasi.

Ali yense woika mndandanda umenewu pambali pa zithunzithunzi za Fox aona yekha pamene sizasi ikanagwera. Marilyn Monroe akanagwa pa lamulo la zobvala. Carmen Jones muli cikondi, muli akazi omenyana, muli kupha. No Way Out muli cipolowe ca akuda ndi oyera. Viva Zapata! ndi nkhani ya kuukira boma kuyambira poyamba kufikira pomariza. Broken Arrow muli Aapache ogonjetsa Azungu. Cotero zithunzithunzi zimene zinaonetsa munthu wakuda ali dokotala, woimba wamkulu kapena mtsogoleri wa anthu ace zinali za mtundu womwewo umene mndandanda unakonzedwera kutsekereza. Amene anaulemba anati ateteza anthu osazolowera zithunzi kuti asasokonezeke mitu. Cimene anali kuteteza kwenikweni cinali ulemu wa Mzungu pamaso pa wanchito wace.

Zimene anaona a m'komboni

Nanga cinatsala n'ciani? Zinatsala zithunzithunzi zakale za makauboi, zopangidwa mofulumira ndi makampani ang'ono, zambiri zopanda mawanga, zofika zitatha kale nchito kwina, zokalika ndi zoduka-duka. Izi ndizo zinali kuonetsedwa m'maholo a welofeya a m'makomboni, m'mabwalo a ku migodi, ndi pa magalimoto a baisikopo a Dipatimenti ya Nkhani ya Boma oyenda m'midzi. Makina a m'magalimotowo anali ang'ono, a filimu wa mamilimita 16, ndipo ulemerero wa CinemaScope unali kutali nao.

Mmodzi wa anthu amene analemba mosamala za oonera amenewa anali mai wina wa ku America, Hortense Powdermaker, wophunzira za miyambo ya anthu. Iye anayamba wakhala ku Hollywood kufufuza moyo wa opanga zithunzithunzi, natulutsa buku lace la kumeneko mu 1950. Pambuyo pace, mu 1953 ndi 1954, anakhala ku Luanshya kumvetsera zimene anchito a mu mgodi anali kunena poonera. Luanshya si Lusaka, koma kabungwe koyesa kanali kamodzi m'dziko lonse, ndipo makauboi anali omwewo. Iye anapeza kuti madzulo a baisikopo anali ndi magawo ace: nkhani za dziko, tizithunzi toseketsa ta nyama, ndipo potsiriza kauboi, amene khamu lonse linali kudikira.

Ambiri mwa oonera sanali kumva Cingerezi ca ku America, ndipo amene anali kumva sakanatha kumvetsera cifukwa ca phokoso. Kuonjezera apo, sizasi ya kabungwe inali itacotsa kale mfundo zolumikiza nkhani, kotero kuti munthu anali kuoneka ali m'nyumba, kenaka ali pa kavalo, kenaka wina ali gone pansi, osadziwika wamgwetsa ndani. Koma akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Anthu anatenga zidutswa zimene anapatsidwa, nazisokera nkhani yaoyao. Ngwazi iri yonse, kaya dzina lace linali lotani ku America, inakhala Jeke, ndiye kuti Jack. Jeke akaponya nkhonya anyamata anali kuimirira, kupfuula, ndi kuponya nkhonya zao m'mwamba. Akulu anali kufotokozerana zocitika mokweza mau, wina kutsutsa mnzace, wina kucenjeza Jeke kuti mdani ali kumbuyo. Zopsompsonana zikapulumuka sizasi, ambiri anali kuseka kapena kudabwa kuti anthu akulu acita zotere poyera. Nthano ya pamoto imafuna omvera obvomereza, ndipo anthu a m'komboni anaitenga baisikopo monga nthano, osati monga ulaliki woti aumve ali cete.

M'mawa mwace Jeke anali kuyenda m'misewu. Harry Franklin, mkulu wa Dipatimenti ya Nkhani ku Lusaka, yemwe uja anabweretsa wailesi yochipa yooneka ngati sefuliya mu 1949, analemba za ana a m'makomboni obvala zipewa za makauboi zodzipangira, ali ndi timfuti tosema ta mtengo, akuthamangitsana ndi kupfuula dzina la Jeke. Oimba magitala a masiku amenewo naonso anatolako kaimbidwe ka makauboi, nakasakaniza ndi nyimbo za kwao.

Boma linayesa kupikisana ndi Jeke. Mu 1948 panakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, likulu lace ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, lopanga zithunzithunzi zophunzitsa Aafrika a m'maiko atatu a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Nkhani zace zinali za ulimi wabwino, ukhondo, kusunga ndalama ndi kumvera malamulo. Cimodzi ca izo, Mulenga Goes to Town, cinasimba za mnyamata wa kumudzi wokumana ndi zobvuta m'tauni, ndipo phunziro lace linali lakuti kumudzi ndiko kwabwino. Anthu anakondwa kuona nkhope zonga zao pa cinsalu, koma amene anali kuonera m'tauni anali atasankha kale kukhala m'tauni, ndipo anali kudikirabe kauboi.

Madandaulo a ophunzira

Lamulo la kabungwe silinali kuona kuti munthu ali ndi zaka zingati kapena anaphunzira kufikira pati. Linali kuona khungu. Kuyambira 1948 Aafrika awiri anali kukhala m'Bwalo Lopanga Malamulo ku Lusaka. Sukulu ya Munali inali kutulutsa anyamata opambana mayeso a Cambridge. M'maofesi a Boma munali makalaliki, m'zipatala munali othandiza madokotala, ndipo ku wailesi ya Central African Broadcasting Station kunali olengeza owerenga nkhani za dziko lonse lapansi tsiku ndi tsiku. Onsewa pamaso pa kabungwe anali monga ana. Mwana wa Mzungu wa pa sukulu ya Gilbert Rennie ku Kabulonga anatha kuonera cimene mphunzitsi wakuda wa imvi analetsedwa.

Khomo la baisikopo silinali lokha. M'masitolo ambiri a pa Cairo Road Mwafrika anali kugula pa kazenera ka pambali, ndipo m'mabuchala anali kulandira nyama yokulunga kale, osaloledwa kusankha. Mu 1954, citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citayamba caka capitaco, a African National Congress, otsogoleredwa ndi Harry Nkumbula ndi Kenneth Kaunda, anauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula m'mabuchala otere, ndipo anthu anamvera. Apa ndi pamene pakuonekera kulakwa kwa kabungwe kaja. Iwo anaopa kuti Mwafrika akaona alimi a ku Mexico akuukira, kapena Aapache akugonjetsa asilikali, adzaphunzira kusamvera. Koma amai a ku Kabwata ndi ku Chilenje amene anakana nyama ya pa kazenera sanafunikire Marlon Brando kuti awaphunzitse. Sukulu yao inali kazenera komweko, citupa ca m'thumba la mwamuna wao, ndi citseko cotseka ca baisikopo cimene anali kucidutsa popita ku msika.

Boma linayamba kufewa pang'ono pang'ono. Mu 1957 linaika makomiti oyanjanitsa mitundu, opanda mphamvu ya kulanga munthu. Mu 1960 linapanga lamulo loletsa tsankho la khungu m'nyumba zodyeramo ndi za baisikopo, ndipo lamuloli linayamba kugwira nchito mu September caka comweco. Ku Kitwe Azungu ena anacita ciwawa pofuna kuletsa Aafrika kulowa m'malo amenewa, koma zitseko sizinatsekedwenso. 

Zotsatira zace

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964. Anchito a Boma latsopano anayamba kulowa m'nyumba za ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndipo mzinda unakula kum'mawa motsata Great East Road kufikira ku Chelstone. Nyumba za baisikopo zimene akale a mu Lusaka amazichula maina, Carlton, Palace ndi 20th Century, zinadzaza ndi anthu a mitundu yonse, ndipo pambali pa makauboi panadza zithunzithunzi za ku India ndi za nkhonya za ku Hong Kong. Koma mdani uja amene anabvuta Fox ku America anafikanso kuno. Televizyoni inayamba ku Kitwe mu 1961, nifika ku Lusaka patapita zaka zowerengeka. Pambuyo pace panadza makina a vidiyo, ndipo nyumba zambiri zakale za baisikopo m'dziko muno zinasanduka machalichi ndi masitolo.

Fox nayo siinakhale monga inaliri. Mu 1969 inagulitsa malonda ace a ku South Africa kwa eni ndalama a konko, ndipo m'malonda amenewo ndimo munatuluka kampani ya Ster-Kinekor, imene inadzatsegula baisikopo mu Lusaka m'zaka za m'ma 2000. Mu 2019 kampani ya Disney inagula Fox, ndipo mu 2020 dzina la Fox linacotsedwa, nikhala 20th Century Studios.

Lero mwana wa sukulu wa ku Kabwata atha kuonera No Way Out kapena Carmen Jones pa foni ya m'manja, popanda kupempha cilolezo kwa munthu. Akaonera adzapeza kuti zina zakalamba, ndi kuti Cochise, mfumu ya Aapache, anasewera ndi Mzungu wopakidwa utoto kumaso, dzina lace Jeff Chandler. Pafupi ndi kwao, m'mudzi wa zamanja wa Kabwata Cultural Village, zikali ciimire zina za nyumba zozungulira zija m'mene munali kugona anthu amene anacha ngwazi iri yonse Jeke. Agogo acewo anapatsidwa zotsala ndi zodulidwa, napangamo cisangalalo cao. Ndipo pamene anafuna cithunzi cathunthu, sanacipemphe kwa kabungwe, anapita kukagogoda pa khomo lenileni.